Mfuti yosapha: mmene timapimira zinthu zakale ndi makina a XRF

Chigwinjiri chija agogo anabwera nacho atachikulunga m'kansanza, kansanzako atakamangirira kunsonga ya chitenje ngati ndalama ya kuchigayo. Ndi agogo a ku Mpondasi ku Mangochi, oyandikana nyumba ndi azakhali anga. Mdzukulu wawo anachifukula pokumba maziko a khitchini, ndipo mmene dzuwa limalowa tsiku limenelo mudzi wonse unali utagwirizana kale kuti ndi golide wa nthawi ya Aluya.

"Mwana wanga, akuti iwe uli ndi makina oona m'kati mwa chitsulo. Tandionera, ndisamangolota usiku."

Makinawo, otchedwa XRF (X-ray fluorescence), opimira zimene chinthu chinapangidwa nazo, sanali anga, komanso saona m'kati. Koma ndinapempha eni ake ndipo anavomera kuti tichipime madzulo tikaweruka.

Ine chipangizochi ndinachidziwira ku ntchito ya miyala. Kwa zaka zingapo ndinkayenda ndi ofufuza miyala ya pansi, yanga ili yopima timatumba ta dothi kuyambira m'mawa mpaka dzanja kuchita dzanzi. Kenako gulu lina la ofufuza zamakedzana, lomwe linabwera kudzaunika mapale a m'mbali mwa nyanja, linafuna munthu wochidziwa, ine n'kulowa momwemo ndikudziona ngati katswiri. Sabata yoyamba yomweyo inanditsitsa. Dothi mumalipera, kuliyanika, kulisefa, kulisakaniza mmene mukufunira. Mphika wakale simuloledwa ngakhale kuukanda ndi chikhadabo, ndiye muyenera kuphunzira kufunsa chinthu chimene simungachikonze kuti chiyankhe bwino.

Chimaoneka ngati chobowolera cha magetsi cha akalipentala. Onse ochigwira amangoti mfuti, kupimako n'kumati kuwombera. Langizo loyamba ndi laulere: pa rodibuloko musanene kuti m'bokosimo muli mfuti. Ndinanenapo kamodzi, tinakhala pamenepo ola lathunthu.

Chimene chimachitika mukakoka kachala

Mayi akamagula mtsuko pamsika amaugogoda ndi chala n'kutchera khutu. Kuliraku ndi kumene kumamuuza ngati unapsa bwino kapena uli ndi mng'alu. XRF ndi kugogoda komweko, kungoti chala chake ndi cheza cha X-ray, mtundu womwe uja amajambulira chifuwa kuchipatala, ndipo olira ndi maatomu. Chezacho chikamenya atomu chimachotsa elekitironi ya m'kati, ina ya kunja imatsikira pamalo osiyidwawo, ndipo potsikapo atomuyo imatulutsa cheza chakechake. Elementi iliyonse, kutanthauza mtundu uliwonse wa atomu monga chitsulo kapena mkuwa, ili ndi liwu lake losasintha. Anaonetsa dongosolo limeneli mu 1913 ndi mnyamata wa ku England, Henry Moseley, amene anafera ku nkhondo ku Gallipoli mu 1915. Liwulo timaliyeza mu keV, muyezo wa mphamvu ya cheza. Chitsulo chimalira pa 6.40, mkuwa pa 8.05, zinki pa 8.64, mtovu pa 10.55, siliva pa 22.16, tini pa 25.27. Manambala amenewa muwaloweze ngati nambala ya foni ya kunyumba, muona chifukwa chake.

Pali amene mfutiyi siwamva konse. Kaboni, okosijeni, haidirojeni ndi naitirojeni amalira motsitsa kwambiri moti liwu lawo limathera mumpweya lisanafike pamakina. Mfuti za m'manja zambiri zimayambira pa magineziyamu kupita m'mwamba. Choncho musataye nthawi kufunsa kuti chosema ichi ndi cha mtengo wanji, nsalu iyi anainyika mu chiyani, kapena utomoni uwu unachokera kuti. Ndipo zaka sizitulukamo. Aliyense amene ndamuonetsa chipangizochi funso lake loyamba limakhala lakuti "chili ndi zaka zingati?" Zaka amazipeza njira ina, monga kupima makala kapena mafupa opezeka pamodzi ndi chinthucho ku labotale ya radiocarbon.

Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chimene ndikufuna chikukhaleni: mfutiyi imamva khungu lokha. Pa chitsulo, cheza chobwerera chimachokera pa kagawo kopyapyala kuposa tsitsi limodzi. Amene ndikumuphunzitsa ndimayamba ndamupatsa chidutswa cha lata chatsopano kuti awombere. Makina amalemba zinki wambiri. Ndimamufunsa, kodi lata ndi zinki? Timakhula pakona ndi sandipepa, awomberenso, zinki uja watsika, chitsulo chakwera. Lata ndi chitsulo chokutidwa zinki. Makina sananame maulendo onse awiri, ananena zimene anapeza pamwamba. Dzimbiri, dothi, penti, polishi, ngakhale thukuta la amene anagwira chinthucho, zonse zili pamwamba.

Musanatsegule bokosi

Makina otulutsa cheza m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority, lomwe linabwera ndi lamulo la 2011, ndipo mwini makina ayenera kukhala ndi chilolezo chawo. Zinthu zamakedzana nazonso zili ndi eni: nthambi ya boma ya Museums and Monuments, pansi pa lamulo la Monuments and Relics Act. Kukumba kapena kutulutsa chinthu chakale kunja popanda chikalata chawo ndi mlandu. Chikalata cha ku Lilongwe chikakhala m'thumba, pitaninso kwa amfumu a malowo. Ameneyu ndi amene adzakuuzeni kuti pansi pa mlambe apo ndi pamanda, ndipo safunsa anadya phula.

Za chitetezo sindizinena mozungulira. Chinthu chimene mukupima musachigwire m'manja. Ndinaonapo munthu atatsina kandalama ndi zala ziwiri, mfuti ili dzanja linalo, ndipo ndinachita kumukalipira ngati mwana ngakhale anali wamkulu kwa ine. Pakamwa pa mfuti cheza chimakhala champhamvu zedi, sichioneka, sichitentha nthawi yomweyo. Musaloze munthu. Musawombere pansi pa tebulo lopyapyala miyendo yanu ili kunsi kwake, chifukwa cheza chimapyola thabwa. Zinthu zopepuka monga mtengo, fupa ndi pulasitiki zimabalalitsa cheza m'mbali kuposa chitsulo, choncho tinthu ting'onoting'ono tiziika m'kabokosi kotchinga kamene kamabwera ndi makina. Valani kabaji koyeza cheza chimene mwalandira. Ndipo kuno kwathu pali vuto lina limene buku la makina silitchula: ana. Mukangotsegula bokosi mumapeza mitu khumi yazungulira tebulo. Jambulani mzere pansi, muike munthu mmodzi woti ntchito yake ikhale yokhayo youlonda. Chotonthoza n'chakuti mukasiya kachala cheza chimazima ngati babu, ndipo chinthu chimene mwapima sichitsala ndi cheza chilichonse. Agogo aja anafunsa zimenezi, ndipo anafunsa bwino.

Kutentha kwa Mangochi ndi mdani wachitatu. Kachipangizo kolandira cheza m'kati mwa mfuti kamafuna kuzizira, ndipo kali ndi koziziritsira kake. Mu Okutobala, ikangokwana 11 koloko, makina amayamba kudandaula, nthawi zina n'kuzima okha. Ife tinkayamba 6 koloko m'mawa, masana n'kumalemba, n'kubwereranso dzuwa litapendeka. Musawasiye m'galimoto yotseka magalasi. Mabatire mutchaje onse nthawi imene magetsi alipo, osati mawa. Kamphuno ka mfuti katchingidwa ndi kapulasitiki kopyapyala ngati khungu la anyezi, ndipo kambewu kamodzi ka mchenga wa kunyanja kapena nsonga ya phale zikhoza kukabowola. Kakabowoka, imani, sinthani. Kuseri kwake kuli gawo lodula kwambiri pa makina onse.

Kawombedwe

Yatsani, mulole makina akhazikike kwa mphindi zingapo, kenako yambani ndi zinthu zimene mukudziwa kale yankho lake. M'bokosi mumakhala kachitsulo koyesera kokhala ndi chikalata cha zimene zili m'kati mwake. Kawombereni poyamba ntchito, pakati, ndi pomaliza. Manambala ake akayamba kusuntha, zonse zimene mwapima kuyambira ulendo womaliza umene anali bwino n'zokayikitsa. Muwomberenso chinthu chopanda kanthu, monga kagalasi ka silika woyera, kuti muone ngati kamphuno kadetsedwa.

Sankhani pulogalamu yoyenera. Ya zitsulo, imene makina ambiri amailemba kuti Alloy, imaganiza kuti chilichonse chili patsogolo pake ndi chitsulo, ndipo imakakamiza manambala kuti akwane 100. Mukaiwombetsa phale idzakuuzani mosachita manyazi kuti mphikawo ndi wachitsulo. Za dongo ndi miyala zili ndi pulogalamu yakeyake.

Jambulani chinthucho ndi kamera pambali pali rula, musindikize kapena mujambule papepala, n'kulemba nambala pa malo alionse amene muwombere. Pa chinthucho pasalembedwe kanthu. Funani malo athyathyathya, oti kamphuno kakhale mogundana nawo popanda mpata, chifukwa mpweya umadya liwu la maelementi opepuka. Diso la mfuti limaona kabwalo ka mamilimita 3 mpaka 8, kutengera makina ake. Ine ndimapatsa malo amodzi masekondi 60 mpaka 120, ndipo chinthu chimodzi sindichiwombera malo ochepera atatu. Dzanja limanjenjemera, choncho ngati choimikira chilipo, chigwiritseni ntchito.

Ndiye pakubwera pamene ambiri timagwera. Makina amakupatsani tebulo lokongola la mayina ndi manambala. Musalikhulupirire lokha. Kuseri kwake kuli chithunzi cha timapiri ndi zigwa, chimene ndi mawu enieni a maatomu asanamasuliridwe. Tsegulani chimenecho.

Chigwinjiri cha agogo

Mdzukulu uja anali atakhula mbali imodzi ndi mchenga ndi ndimu kuti aone kuwala. Sindikanamulola, ndipo inu musachite zimenezo pa chinthu chakale, chifukwa dzimbiri lobiriwiralo ndi mbali ya mbiri yake. Koma popeza zinali zitachitika kale, tinapezerapo malo awiri: pobiriwira ndi powala.

Pobiriwira panatuluka mkuwa, zinki wochepa, ndi chitsulo ndi kashiamu. Ziwiri zomalizazi zinali dothi la ku Mpondasi lomatirira. Powala zinki anakwera kufika pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, dothi lija n'kusowa. Umu ndi mmene zimakhalira: mkuwa wosakaniza ndi zinki ukakhalitsa pansi, zinki amasuluka pamwamba. Wosakaniza ndi tini umachita mosiyana, tini ndiye amaoneka wochuluka pakhungu kuposa mmene alili m'kati. Ndalama zakale za siliva wosakaniza ndi mkuwa nazo zimaoneka zasiliva wabwino kunja kuposa mtima wake. Chilankhulo chathu zonsezi chimangoti mkuwa, kaya wofiira, wachikasu kapena wodera, ndiye polemba muzinena kuti wosakaniza ndi chiyani.

Ndikutsetsereka ndi maso pa tebulo lija ndinaona Au, kanambala kakang'ono pambali pake. Golide. Mtima unagunda, ndipo ndikuvomereza kuti pakamwa panali patatseguka kale kuti ndiuze agogo. Amayi amene ankatsogolera gulu lathu anali ataima kumbuyo kwanga. Sanakweze mawu.

"Achimwene, mng'ono wake wa phirilo ali kuti?"

Elementi iliyonse siilira ndi liwu limodzi. Ili ndi phiri lalikulu ndi lina laling'ono lotsatira, pamalo odziwika. Golide amalira pa 9.71, n'kubwerezanso pa 11.44. Zinki, kupatula phiri lake lalikulu la pa 8.64, ali ndi lina pa 9.57, mkono ndi mkono ndi la golide. Zinki akachuluka, phazi la phiri lakelo limafika pamalo a golide, ndipo makina amalemba golide amene kulibe. Ndinatsegula chithunzi, n'kupita pa 11.44. Panali chigwa, see.

Awiriawiri osokonezana otere alipo angapo, ndipo muyenera kuwadziwa ngati mapasa a m'mudzi mwanu. Mtovu pa 10.55 ndi arsenic pa 10.54 ndi oipitsitsa: mtovu mumautsimikiza pa 12.61, arsenic pa 11.73. Titaniyamu pa 4.51 amabisalirana ndi bariyamu pa 4.47. Kobati pa 6.93 amamira pansi pa phiri lachiwiri la chitsulo pa 7.06. Palinso timapiri tosachokera m'chinthucho konse: argon wa mumpweya pa 2.96, ndi chitsulo cha m'chubu chotulutsa cheza cha makinawo, chimene kwa ambiri ndi rhodium kapena siliva. Mfuti ya chubu cha siliva ikakuonetsani siliva pa chilichonse, musathamangire kumsika.

Nanga zinki wochulukayo anatiuza chiyani? Njira yakale yopangira mkuwa wachikasu inali yootcha mkuwa pamodzi ndi miyala ya zinki ndi makala mu mphika wotseka, ndipo sinkalowetsa zinki wopitirira magawo 28 mpaka 33 pa 100. Kupyola pamenepo pamafunika zinki woyengeka kale. Ku Zawar ku India ankamuyenga zaka mazana angapo Azungu asanadziwe, ndipo ku Bristol William Champion analembetsa njira yake mu 1738. Chathucho chinali m'malire enieni, choncho sitikanalumbira. Chimene tinganene n'chakuti chikugwirizana ndi waya ndi timitengo ta mkuwa wachikasu timene amalonda a m'zaka za m'ma 1800 ankabwera nato kuchokera kugombe pamodzi ndi nsalu ndi mikanda, podutsa kwa Mponda ndi kwa Makanjira. Chikugwirizananso ndi mkuwa wa m'ma 1900 umene mmisiri wina anasula. Makina amatseka zitseko zina, satsegula chimodzi chokha.

Mapale

Apa ndiye pali ntchito yambiri kwathu kuno. Mayina amene akatswiri amatchulira mitundu ya miphika yakale ya m'dziko muno ena ndi a malo athu omwe timakwererapo matola. Miphika ya Nkope, ya anthu oyamba kusula chitsulo zaka zoposa 1,500 zapitazo, inatenga dzina pa malo amene Keith Robinson anakumba m'zaka za m'ma 1960. Ya Nkhudzi ndi ya pafupi kwambiri ndi nthawi yathu, kuchokera pa malo amene Ray Inskeep anakumba. Pakati pake pali ya Mawudzu, ya nthawi ya Amaravi. Mtundu wa mphika amauzindikira ndi maso, poona milomo ndi mphini zake. XRF imayankha funso lina: kodi miphika iyi inaumbidwa ndi dongo limodzi, kapena ina inabwera pa bwato?

Tsukani phale ndi madzi oyera ngati wolisunga walola, liume masiku angapo pamthunzi. Chinyontho chimatsitsa manambala onse. Pewani pamene pali utoto kapena popukutidwa mowala. Pothyoka pakale pamakhala dothi, choncho pabwino ndi m'kati mwa phale mosalala kapena pothyoka mwatsopano ngati palipo kale. Mapale amene akupita kukapimidwa zaka ndi njira ya luminescence muwaike padera, asawomberedwe.

Poyerekeza, dalirani rubidium, strontium, yttrium, zirconium ndi niobium, kuwonjezera chitsulo ndi titaniyamu. Amenewa amalira mokweza, amachokera mozamirapo pang'ono, ndipo zirconium, niobium ndi titaniyamu sasunthasuntha phale likakhalitsa m'nthaka. Kashiamu, fosifolasi ndi bariyamu asamaleni, amalowa ndi kutuluka ndi madzi a pansi. Phale limene lagona pa mulu wa zigoba za nkhono ndi minga ya nsomba likhoza kuonetsa kashiamu amene woumba sanamuikemo. Ngati mphika anaupukuta ndi graphite kuti ude mowala, mfuti siiona kalikonse chifukwa ameneyo ndi kaboni. Wofiira wa katondo amaoneka ngati chitsulo chokwera poyerekeza ndi thupi la mphika.

Tsiku limene ndinaphunzira zambiri silinali la makina. Tinapita kwa mayi ena oumba mbiya kumtunda, n'kukhala nawo kuyambira pokumba dongo. Anatenga lina kudambo, lina pachulu, n'kusakaniza, kenako n'kuthiramo mchenga mpaka zala zawo zitakhutira. Ndinawafunsa muyezo wake. Anandiyang'ana n'kuseka. Kuyambira pamenepo ndikaona mapale awiri osiyana pang'ono manambala sindithamangira kunena kuti ndi a midzi iwiri. Mwina ndi mayi mmodzi, masiku awiri. Magulu amaoneka mukapima mapale makumi angapo, osati asanu, ndipo mutenge ndi dongo la m'madambo oyandikana kuti mukhale ndi chofanizira.

Mikanda ndidutsapo msanga, chifukwa mfuti ya m'manja siikwanitsa zambiri. Yambiri ndi yaing'ono kuposa diso la makina, ndipo sodiyamu, amene amathandiza kusiyanitsa galasi la ku India ndi la kwina, samveka. Zimene mumapeza ndi zopatsa mtundu: mkuwa pa yobiriwira ndi yofiira yakuda, kobati pa ya buluu wakuya, mtovu ndi tini pa yachikasu, manganizi pa yapepo. Yoyera yokhala ndi mtovu ndi arsenic pamodzi imaloza ku Venice ya m'ma 1700 ndi 1800, koma kumbukirani mapasa aja musanalembe. Mukapeza cadmium ndi selenium pa mkanda wofiira kapena wachikasu, umenewo ndi wa posachedwa, wambiri mwa iyo ndi ya m'ma 1900.

Zojambula

Pa chithunzi cha utoto cheza chimapyola magawo onse, ndiye mumamva utoto wa pamwamba, wa pansi, ndi woyala poyamba, zonse kulankhula nthawi imodzi. Yambani ndi m'mphepete mopanda utoto kuti mudziwe liwu la nsalu kapena thabwa, kenako mtundu uliwonse paokha. Kamphuno kasakhudze utoto, siyani kampata kakang'ono. Ndipo kumbukirani kuti mukumva elementi, osati dzina la utoto. Chitsulo pa malo ofiira chikhoza kukhala katondo. Chitsulo chomwecho pa malo a buluu chimaloza ku Prussian blue, amene anapezeka ku Berlin kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700. Maso ndi makina ziyendere limodzi.

Utoto woyera ndi umene umaulula zambiri. Wa mtovu ndi wakale kwambiri. Wa zinki unafala m'zaka za m'ma 1800. Wa titaniyamu unayamba kugulitsidwa cha m'ma 1920. Munthu akakugulitsani chithunzi choti n'cha nthawi ya Fort Johnston (dzina lakale la Mangochi) isanakhale tauni, inu n'kupeza titaniyamu wochuluka paliponse poyera, ndiye kuti mwina n'chabodza, mwina wina anadzachikonza pambuyo pake. Onani ngati ali paliponse kapena pa zigamba zokha. Wolemba zithunzi zachinyengo wa ku Germany, Wolfgang Beltracchi, anagwidwa chifukwa cha woyera ameneyu pa chithunzi chimene ankati n'cha 1914. Makina aakulu a kunja amayenda pa chithunzi chonse kadontho ndi kadontho n'kujambula mapu a elementi iliyonse. Umu ndi mmene mu 2008 ku Hamburg anatulutsira nkhope ya mayi imene Vincent van Gogh anaikwirira pansi pa chithunzi cha udzu. Ya m'manja siifika pamenepo.

Zojambula za pa miyala, ngati za ku Chongoni ku Dedza zimene UNESCO inazilemba mu 2006, ndi zovuta kuposa zonse. Utoto wake ndi wopyapyala, cheza chimaupyola n'kukamva mwala, ndipo mwalawo uli ndi chitsulo chakechake. Muwombere pa utoto, muwomberenso pa mwala wopanda utoto pambali pomwepo, kangapo konse, n'kuyerekeza. Kusiyanako ndiye yankho, ngati kulipo. Dongo loyera pa mwala wa granite nthawi zambiri silisiyanitsika bwino chifukwa onse ndi aluminiyamu ndi silikoni. Musathire madzi kuti chithunzi chioneke, musachigwire, ndipo zina mwa izo n'za chinamwali ndi za gule, zili ndi eni amoyo.

Madzulo aliwonse koperani mafayilo malo awiri, ndipo musunge zithunzi za timapiri, osati matebulo okha. M'kope mulembe makina ake, pulogalamu, masekondi, malo enieni amene munawombera ndi mmene khungu lake linalili. Polemba zotsatira musakopere manambala onse a pambuyo pa dontho. Pa chitsulo cha dzimbiri, kunena kuti mkuwa wosakaniza ndi zinki wambiri ndi mtovu pang'ono n'zoona kuposa nambala yaitali.

Agogo anali atakhala pa mpando wa pulasitiki kuseri kwa mzere uja nthawi yonseyi, manja pamiyendo. Ndinapita kukagwada pambali pawo, chigwinjiri chili pa kansanza kake.

"Agogo, si golide. Ndi mkuwa wachikasu."

"Ndiye ndalama palibe?"

"Palibe, agogo."

Anachitembenuza kawiri, n'kuyesa kuchilowetsa padzanja koma chinakana pa mfundo za zala. Anati agogo awo ankavala zotere zambirimbiri mpaka m'chigongono, ndipo posinja zinkalira. Ndinawauza kuti ndi bwino akachionetse ku nyumba yosungira zakale ya Lake Malawi Museum pafupi ndi wotchi yaikulu ija ya m'tauni ya Mangochi, komanso kuti mdzukulu asiye kaye kukumba pamalopo ngati pakutuluka mapale kapena mafupa. Anati mapale ndiye alipo odzaza ndowa, anawataya kudzala. Amayi otsogolera aja atamva zimenezo anatenga kope lawo, n'kufunsa ngati tingabwere m'mawa mwake dzuwa lisanakwere.

Agogo anachikulunganso, n'kumanga mfundo ziwiri kunsonga ya chitenje. Atafika pakhomo anatembenuka n'kundipempha ya kabaza.